Kuthetsa mavuto pa kashedi ka sitima za malasha: injini ikamadodoma, ikamagwa kapena ikamachita shoti

Amene amamanga tinjanji ta m'nyumba totsanzira shedi ya sitima za malasha, malo osungirako ndi kukonzerako injini, amadandaula zinthu zomwezomwezo chaka ndi chaka. Injini imene imathamanga bwinobwino pa njanji yozungulira imati ikafika pa shedi n'kuyamba kudodoma, kuima pa mapoyinti (pamene njanji imagawikana kukhala njira ziwiri), kapena kuzimitsa magetsi a bwalo lonse ikangokwera pa chotembenuzira, mlatho wozungulira m'dzenje umene umatembenuza injini. Chifukwa chake n'chakuti pa shedi injini imayenda pang'onopang'ono, ili yokha yopanda mabogi, ndipo imadutsa mapoyinti ambiri pa kamtunda kochepa, choncho ilibe liwiro loti liikankhe kudutsa pamene magetsi adukiza. Komanso zinthu zimene zimachititsa shedi kuoneka ngati yeniyeni, monga phulusa, malasha, penti yodetsera njanji ndi denga lotseka, ndi zomwezonso zimene zimayambitsa zovuta zambiri.

Miyeso imene ili m'munsimu ndi ya sikelo ya OO, yofala ku Britain, imene imachepetsa chinthu chenicheni ka 76, moti mamilimita 4 amaimira phazi limodzi ndipo pakati pa njanji ziwiri pamakhala mamilimita 16.5. Ambiri amatsanzira mashedi a British Railways a m'ma 1950 mpaka mu Ogasiti 1968, pamene sitima za malasha zinasiya ntchito ndipo mashedi otsiriza, a Carnforth, Lostock Hall ndi Rose Grove, anazimitsa moto. Amene ali ndi sikelo ya HO, ya 1:87, apindulanso chifukwa kutalikirana kwa njanji zake n'komweko.

## Musanamasule sikuluu iliyonse

Funso loyamba n'lakuti, kodi vutoli likutsata injini kapena likutsata malo? Tengani injini ina imene mukudziwa kuti ilibe chilema, muiyendetse pamalo pomwepo ndi liwiro lomwelo, chamtsogolo ndi chammbuyo. Nayonso ikaima, vuto lili pa njanji kapena pa mawaya. Ikadutsa bwino, pamene yoyamba ija ikuvutanso m'malo ena, vuto lili mu injini. Gulu lachitatu, limene limazunguza mutu koposa, ndi lakuti injini imodzi yokha imakana pamalo amodzi okha, ndipo apa kawirikawiri kachilema kakang'ono ka njanji kamakhala katakumana ndi kachilema kakang'ono ka mawilo, moti zonse ziwiri ziyenera kuyezedwa.

Zida zofunika n'zochepa: multimeter yoyezera magetsi, choyezera mpata wa kumbuyo kwa mawilo, lula yachitsulo, tochi, kagalasi, maginito, tupa yosalala, nsalu yoyera yosathothoka ulusi ndi mankhwala a isopropyl alcohol. Sinthani chinthu chimodzi n'kuyesanso musanakhudze china, chifukwa mukakonza zinthu zitatu nthawi imodzi simudzadziwa chimene chinali chovuta vutolo likadzabwerera.

## Chizindikiro 1: Injini ikudodoma kapena kuima ikamayenda pang'onopang'ono

Ili ndiye dandaulo lalikulu pa onse. Zoyambitsa zake, kuyambira chofala kwambiri, ndi izi:

1. Njanji zada pamwamba. Pukutani ndi nsalu yoyera yonyowetsedwa ndi isopropyl alcohol, ndipo mukaona mizere iwiri yakuda pa nsaluyo, pitirizani mpaka itasiya kuda. Labala yokwechesera njanji ndi yochotsera penti kapena guluu basi. Sandipepala ayi ndithu, chifukwa timizere timene amasiya pa chitsulo timasunga litsiro, ndipo mudzakhala mukupukuta kawirikawiri kuposa kale.
2. Mawilo ada. Yalani kansalu konyowa pa njanji, ikanipo theka la mawilo a injini, ena akhale pa chitsulo, kenako perekani magetsi mutaigwira mopepuka kuti mawilo azungulire pa nsaluyo. Yang'ananinso mawilo a mabogi a malasha, makamaka a pulasitiki, poti ndiwo amamwaza litsiro pa bwalo lonse.
3. Tizitsulo totengera magetsi ku mawilo sitikukhudza. Gonekani injini chagada pa siponji, mukhudzitse mawaya awiri amagetsi pa mawilo awiriawiri motsatizana. Mawilo amene sakuyendetsa mota ndiwo ali ndi kachitsulo kopindika kapena kokulungidwa ndi ubweya ndi mafuta. Kankhirani mawilowo uku ndi uku, chifukwa kachitsuloko kamatha kukhudza wilo likakhala pakati n'kulekana nalo likasendera mbali imodzi, ndipo n'chifukwa chake injini zina zimaima pokhota pokha. Onaninso kapulagi kolumikiza injini ndi tenda, ngolo ija yonyamula malasha ndi madzi.
4. Magetsi akudalira tizitsulo tolumikizira njanji. Tizitsulo timeneti timakhwepa, ndipo guluu ndi penti zimalowamo. Injini ikaima, kanikizani cholumikizira chapafupi ndi sikuludilaiva. Ikadzidzimuka n'kuyenda, mwapeza gwero. Chidutswa chilichonse cha njanji, ngakhale chachifupi ngati chala, chiyenera kukhala ndi kawaya kakekake kowotcherera ndi solder, kotsikira ku mawaya awiri akuluakulu oyenda pansi pa thabwa.
5. Njanji siinagone mofanana. Tiinjini tating'ono ta mawilo anayi kapena asanu ndi limodzi, monga Pug, Jinty kapena 57xx, timakhala ndi mafupa ouma, kutanthauza chitsulo chapansi chogwira mawilo chosapindika, moti njanji ikatukuka pang'ono wilo limodzi limalendewera m'malere. Goneketsani lula yachitsulo pamwamba pa njanji, muunike ndi tochi kuseri kwake, ndipo kuwala kukadutsa pansi pa lulayo, pamenepo pafunika kukweza ndi kapepala kapena kutsitsa.
6. Dikoda, kachipangizo ka mu injini kolandira malamulo a kontirola, sinakonzedwe bwino, kwa amene ali pa DCC, njira yolamulira injini iliyonse payokha ndi nambala yake. Mwa manambala osinthika a m'dikoda otchedwa CV, CV2 imalamulira mphamvu yoyambira kuyenda, CV3 kuwonjezera liwiro, ndipo CV4 kuchepetsa liwiro. Lembani manambala akale musanawasinthe.

Ambiri masiku ano amathamangira kuika kachipangizo kosunga magetsi kwa kamphindi, kotchedwa stay-alive, ndipo kamathandizadi pa tiinjini tating'ono. Komabe ndi bwino kukaika mutamaliza zisanu zoyambazo, chifukwa kamangobisa njanji yoipa, ndiponso injini yokhala ndi kachipangizo kamphamvu imatha kupitirira pamene mwadula magetsi n'kukagwera m'dzenje la chotembenuzira.

## Chizindikiro 2: Vuto likuchitika pa mapoyinti okha

Pamene njanji ziwiri zimadutsana m'kati mwa poyinti pali kachidutswa kooneka ngati V kamene amati frog. Kampani ya Peco imapanga mitundu itatu: Insulfrog, imene nsonga yake ndi ya pulasitiki, Electrofrog, yachitsulo yonse, ndi Unifrog, imene nsonga yake ndi yachitsulo koma imakhala yopanda magetsi mpaka mutailumikiza nokha. Pa shedi, pamene liwiro ndi laling'ono, frog yokhala ndi magetsi ndiyo yoyenera, ngakhale kuti imafuna mawaya ochulukirapo.

Ngati injini ikungoima koma magetsi a bwalo sanazime:

- Lilime la poyinti, chitsulo chosuntha chija, ladetsedwa ndi penti kapena guluu pamene limakhudzana ndi njanji yakunja. Lowetsani kapepala konyowetsedwa ndi isopropyl alcohol pakati pake, tsekani poyinti, n'kusolola kapepalako. Kuti vutoli lisabwerere, lumikizani lilime lililonse ndi njanji yakunja yoyandikana nalo pogwiritsa ntchito kawaya pansi, mutatsata malangizo a opanga okhudza timawaya toyenera kudula.
- Frog ilibe magetsi ndipo injini ndi yaifupi. Yezani ndi multimeter pakati pa frog ndi njanji yakunja ya njira imene mwatsegula.
- Poyinti yatukuka pakati chifukwa munaikhomera mwamphamvu kumapeto kokha.
- Switchi yosinthira magetsi a frog, imene imakhala pa mota ya poyinti, yasuntha pamalo pake kapena yatha.

Ngati magetsi onse akuzima, kutanthauza shoti:

- Injini yalowera kumbuyo kwa poyinti imene yatsegulidwira njira ina. Ichi n'chofala kuposa zonse, ndipo si vuto la mawaya konse.
- Pa Electrofrog mwaiwala zolumikizira za pulasitiki pa njanji ziwiri zochokera ku frog, kapena mpata umene munadula watsekeka chifukwa njanji yasendera. Matani kachidutswa ka pulasitiki mumpatamo n'kukasalaza ndi tupa.
- Mawilo ayandikana kwambiri, moti kumbuyo kwa wilo kukukhudza lilime lotseguka.
- Pa Insulfrog, wilo lotambalala likukhudza njanji ziwiri nthawi imodzi pafupi ndi nsonga. Kupaka pamenepo kavanishi ka zikhadabo kochepa kumathetsa vutoli kwa kanthawi, koma kamafufutika.
- Mawaya awiri opita ku switchi ya frog atembenuzidwa. Chizindikiro chake n'chakuti shoti ikuchitika nthawi zonse pa njira zonse ziwiri.
- Kamsomali, kasikuluu kapena kadontho ka solder kagwera mumpata.

Pa DCC yesani bwalo lonse ndi ndalama yachitsulo: igonekeni pa njanji zonse ziwiri m'malo osiyanasiyana, makamaka akutali ndi kontirola. Magetsi ayenera kuzima nthawi yomweyo. Akapanda kuzima, mawaya anu ndi aang'ono kapena penapake salumikizana bwino, ndipo zimenezi n'zoopsa, chifukwa shoti imene kontirola sakuizindikira imatenthetsa tizitsulo ta mu injini mpaka pulasitiki kusungunuka. Musayendetsenso kanthu mpaka mutakonza.

## Chizindikiro 3: Chotembenuzira injini chikuvuta

Chotembenuzira, chimene ambiri amangoti turntable, ndicho chimakopa maso pa shedi, komanso ndicho chimatha nthawi yambiri pochikonza. Zenizeni zotembenuzira injini zikuluzikulu za 4-6-2 (mawilo 4 akutsogolo, 6 oyendetsa ndi 2 akumbuyo) zinkafika mapazi 70, amene pa OO ndi mamilimita 280. Amene akutsanzira shedi yozungulira ngati ya Barrow Hill pafupi ndi Chesterfield, yomangidwa mu 1870, adziwe kuti njanji iliyonse yochokera pa chotembenuzira ndi malo ena oti zinthu zingalakwike.

1. Njanji sizikulunjikana m'mbali. Kawirikawiri magiya oyendetsera mlatho ali ndi kampata, moti mlatho umaima malo osiyana malinga ndi mbali imene wachokera. Uimitseni nthawi zonse ukuchokera mbali imodzi, ndipo mangitsani cholumikizira cha pakati pa mota ndi mtanda wa mlatho. Salazani pang'ono ndi tupa m'kati mwa nsonga za njanji kuti wilo lisagunde pakona yakuthwa.
2. Pali kasitepe pakati pa mlatho ndi njanji yolowera. Yendetsani chikhadabo pamphambanopo, ndipo chikakodwa, mawilo akutsogolo nawonso akodwa. Yesani mbali zonse ziwiri za mlatho pa njanji iliyonse, chifukwa mlatho umene sunakhale pakatikati umakwanira mbali imodzi n'kulephera ina.
3. Shoti ikuchitika mlatho ukazungulira theka. Injini ikatembenuka, njanji yakumanja imasanduka yakumanzere, choncho magetsi a mlatho ayenera kusinthidwa. Zotembenuzira zina zimachita zokha ndi mphete yogawika pawiri ya pansi pa mlatho, ndipo njanji yolowera isakhale molunjika ndi pamene mpheteyo yagawikira. Ngati mphete ndi yathunthu, ikani switchi yotembenuzira magetsi pa DC (njira yopanda dikoda, imene kontirola imangosintha mphamvu ya magetsi a pa njanji), kapena kachipangizo ka auto-reverser pa DCC. Phokoso la injini likamadukiza pakati pa ulendo wozungulira, imeneyo ndi mphete yogawika ija ikugwira ntchito yake.
4. Mlatho ukukakamira. Phulusa kapena timiyala tagwera pa njanji yozungulira ya m'dzenje, apo ayi bowo la m'thabwa ndi lothina ndipo lapinda dzenjelo. Dzenje lizikhala momasuka m'bowo lake, lisakanikizidwe.
5. Injini ikugwa ikangotsika pa mlatho. Njanji yolowera yayamba kukhota msanga. Masentimita angapo oyambirira akhale owongoka, olunjika pakatikati pa dzenje.

## Chizindikiro 4: Injini ikuchoka pa njanji

Yendetsani injini pang'onopang'ono maso anu ali pamlingo wa njanji, muone wilo limene likuyamba kukwera, chifukwa pamene injini imagwera pamakhala patsogolo pa pamene vuto layambira.

1. Mpata wa kumbuyo kwa mawilo walakwika. Pa OO yamakono uyenera kukhala mamilimita 14.4 mpaka 14.5. Ukachepa, mawilo amakwera pa tinjanji totchinjiriza ta m'poyinti. Ukakula, wilo limagunda nsonga ya frog. Mawilo a tenda ndi akutsogolo mukhoza kuwakonza nokha, koma akuluakulu oyendetsa injini samalani nawo, monga tidzafotokozera pa chizindikiro 7.
2. Kangolo ka mawilo akutsogolo kapepuka kapena kakukakamira. Sikuluu yake ikhale yomasuka mokwanira kuti kazisendera m'mbali ndi kutsika kokha. Tizidutswa tokongoletsa timene opanga amaika m'kathumba, monga masitepe akutsogolo ndi timapaipi ta pansi pa masilinda, timatchinga kangoloka pa makona othina.
3. Njanji yathyoka pamfundo ya pakona, kapena pamene matabwa awiri akumana. Kagalasi kogonekedwa pa njanji kamaonetsa kuthyoka kumene maso sakuona kuchokera pamwamba.
4. Kona yathina. Injini zikuluzikulu zambiri za OO zimafuna kona ya mamilimita 438 kapena kuposa, ndipo 9F, ya mawilo khumi oyendetsa, ndiyo yabwino kuyesera bwalo lonse. Ngati chitsulo chokokera tenda chili ndi mabowo awiri, gwiritsani ntchito lakutali.
5. Njanji zayandikana pa dzenje loyenderamo amakaniko. Pa maenje amenewa palibe mitanda yogwira njanji, choncho bowo la m'thabwa likathina limafinya makoma a dzenje. Yezani mamilimita 16.5 kumapeto onse ndi pakati.
6. Mawilo akale ali ndi milomo yakuya. Injini zakale kwambiri zimagunda tizigwiriro ta njanji yopyapyala ya code 75 n'kumadumphadumpha. Zimenezi zimafuna code 100 kapena mawilo atsopano.
7. Masilinda akugunda khoma la pothirira malasha, chitseko cha shedi kapena chothirira madzi. Musamate nyumba iliyonse musanadutsitsepo injini yotambalala ndi yaitali kuposa zonse.

## Chizindikiro 5: Zonse zinali bwino mpaka mutathira phulusa ndi kupenta

Bwalo la shedi yeniyeni silinkakhala ndi miyala yoyera ngati ya pa njanji yaikulu. Pansi pake pankakhala phulusa, makala otsala m'moto, fumbi la malasha ndi mafuta, zopondedwa mpaka kufika pamwamba pa mitanda, ndipo pafupi ndi dzenje la phulusa pankakhala milu yotuwa. Amene ali ku Britain akhoza kukaona shedi ya Great Western Railway ya 1932 ku Didcot, ndipo kwa amene ali kuno kum'mwera kwa Africa, nyumba yosungirako zakale za njanji ku Livingstone ili pamalo amene panali shedi ya Zambezi Sawmills. Kutsanzira nthaka yotere kumatanthauza kuthira zinthu zosalala kwambiri pafupi zedi ndi chitsulo, ndipo m'pamene mavuto amayambira.

1. Guluu kapena penti yatsala pamwamba pa njanji. Guluu woyera wa PVA, wosakaniza theka ndi theka ndi madzi ndiponso kadontho ka sopo wotsukira mbale, akauma saoneka, koma amatchinga magetsi. Pukutaninso ngodya yam'kati ya mutu wa njanji, pamene mlomo wa wilo umakhudza.
2. Guluu sanaume. Akadali wonyowa amadutsitsa magetsi pang'ono, ndipo DCC imatha kuonetsa shoti kapena kusokonezeka. Zimitsani, dikirani masiku awiri kapena atatu, ndipo nyengo ya chinyezi onjezerani.
3. Kamwala kamatika m'kati mwa njanji kapena mumpata wa frog. Kankhani bogi ndi chala, ndipo pamene yagogoda chotsani kamwalako ndi kamtengo kotokosera m'mano.
4. Mtanda wosuntha wa poyinti wamatika. Dontheza madzi ofunda pang'ono, dikirani guluu afewe, n'kumasuntha pang'onopang'ono ndi chala. Musaumirize ndi mota, chifukwa mota ya solenoid ikapatsidwa magetsi nthawi yaitali imapsa.
5. M'zothirazo muli tizitsulo. Mchenga wa kudambo, phulusa lenileni ndi makala a m'ng'anjo zimatha kukhala ndi tizitsulo timene maginito a mota amakoka. Sefani, yendetsani maginito m'katimo, ndipo zikamamatirira zitayeni. Phulusa lenileni likanyowa limathanso kudya zitsulo ndi zowotcherera, choncho lizikhala pa milu ya m'mbali, lomatidwa bwino, osati pakati pa njanji. Sitiliwulo asayandikire bwalo n'komwe.

Ngati mukudzaza pakati pa njanji ndi dongo louma lokha la mtundu wa DAS, siyani kangalande m'mbali mwa njanji iliyonse, ndipo pamwamba pa dongolo pakhale pansi pang'ono pa mutu wa njanji kuti nsalu yopukutira isamachotse penti yake.

## Chizindikiro 6: Injini ikulephera chitunda cha pothirira malasha

Pa mashedi a mtundu wa Didcot, mabogi a malasha ankakankhidwa kukwera chitunda mpaka m'nyumba yam'mwamba, mmene anthu ankafosholera malasha m'tingolo n'kukhuthulira mu tenda, thanki ya madzi ili padenga. Nsanja zikuluzikulu za konkire, ngati imene idakalipo ku Carnforth, zinkakweza bogi yonse, ndipo ndizo zoyenera kwa amene alibe malo a chitunda.

- Chitunda chayamba mwadzidzidzi. Mawilo apakati amalendewera kapena zokowera zimagunda njanji. Kupendekeka kuyambe pang'onopang'ono pa mtunda wosachepera kutalika kwa injini, pansi ndi pamwamba pomwe, ndipo pasakhale mfundo ya njanji pamalo amenewa.
- Chitunda chakula. Kukwera sentimita imodzi pa masentimita 30 aliwonse n'kokwanira kale kwa kainjini kokankha mabogi atatu kapena anayi. Malasha enieni osinja ndi olemera, choncho amateni pa kathabwa kopepuka m'malo modzaza bogi.
- Mabogi akubwerera okha. Njanji ya pamwamba iyenera kukhala yathyathyathya. Yezani ndi levulo.
- Zokowera zikumasuka. Zimakhala kuti sizili pamlingo umodzi, makamaka zimene zagwa mphuno m'timatumba take ta NEM.

## Chizindikiro 7: Injini ikutsimphina, ikulira kapena ikutentha

Kudodoma kumene kumabwera kamodzi pa kuzungulira kulikonse kwa mawilo si kwa magetsi, ndi kwa zitsulo.

1. Ulusi kapena tsitsi lakulunga pa mtanda wa mawilo kapena pa ndodo zolumikiza mawilo.
2. Kasikuluu kogwira ndodo pa wilo kamasuka ndipo kakukodwa ndi ndodo ina. Imitsani msanga, chifukwa kakagweratu ndodo imapindika.
3. Ndodo yapindika chifukwa chonyamula injini poigwira m'mbali.
4. Girisi wakale wauma m'magiya. Mutsukeni, n'kuika kadontho ka mafuta opangidwira zidole zoterezi ndi nsonga ya singano. Mafuta a galimoto, ophikira kapena opopera amawononga pulasitiki kapena kumata fumbi.
5. Mawilo asokonekera malo. Mapini a mbali imodzi ayenera kutsogola a mbali inayo ndi madigiri 90 pa mitanda yonse mofanana, ndipo wilo limodzi likazungulira pa mtanda wake injini imamanga.
6. Giya lapulasitiki lang'aluka, ndipo limamveka kugogoda.
7. Chitsulo cha mazak chimene amaumbira mafupa a injini chafufuma n'kumang'aluka chokha. Chimenechi sichichiritsika, pafunika chidutswa china.

Mota ikamalira koma mawilo osayenda, dulani magetsi nthawi yomweyo. Zinayi zoyambazo ndi zoti mwiniwake angachite, pamene zitatu zomalizazo ndi za mmisiri amene ali ndi zida zake.

## Chizindikiro 8: Injini ziwiri zikuyenda limodzi, kapena imodzi sikumvera

Pa DCC, dikoda yatsopano imabwera ndi nambala 3, choncho injini zonse zimene simunazipatse nambala yakeyake zimamvera lamulo limodzi. Imene yasiyiratu kumvera imatha kubwerera mwakale mukalemba 8 mu CV8, monga zilili ndi madikoda ambiri, koma werengani kaye pepala lake. Injini yopanda dikoda isasiyidwe pa njanji ya DCC, chifukwa mota yake imatentha ili chiimire. Pa DC, njanji iliyonse ya m'shedi imafuna mipata ndi maswitchi ogawa malo oimikira, ndipo injini yoimikidwa ikasuntha, ndiye kuti mpata watsekeka kapena mawilo a tenda aima modumpha mpatawo.

## Chizindikiro 9: Vuto limabwera ndi nyengo

Njanji ikapindika yokha nyengo yotentha, kapena mipata ikakula nyengo yozizira, wolakwa wamkulu amakhala thabwa, limene limafufuma ndi chinyezi n'kunyala kukauma, kenako chitsulo chimene chimatalika ndi kutentha. Siyani mpata wa pafupifupi theka la milimita pa mfundo za njanji zazitali za mamilimita 914, ndipo musawotcherere mfundo zonse pamodzi. Gwiritsani ntchito pulayiwudi wa mamilimita 9 wokhala ndi mitanda pansi, mumupake vanishi mbali zonse ndi m'mphepete momwe. M'nyumba ya malata yopanda siling'i, mmene kutentha kwa Okutobala ndi chinyezi cha Januwale zimasiyana kwambiri, phimbani bwalo ndi chivundikiro cholimba, lisawombedwe ndi dzuwa la pawindo, ndipo miyendo yake muziiyang'ana ngati chiswe sichinayambe kukwera.

## Chizindikiro 10: Injini ikuima m'kati mwa shedi mmene dzanja silifika

Apa chovuta ndi mamangidwe. Denga liyenera kukhala lochotseka, apo ayi nyumba yonse izinyamulika pa timapini toiimika pamalo ake, mawaya a nyali ali ndi kapulagi. Ngati munamata kale, dulani mosamala ndi mpeni wopyapyala m'munsi mwa makoma, poti ndodo yokhala ndi nsalu kunsonga imangothyola nsanamira ndi zotulutsira utsi. Zipangizo zotulutsa utsi zimasiya mafuta pa njanji za m'kati, choncho kumeneko kumada msanga kuposa panja. Nyali za LED zimafuna resistor, ndipo ya 1,000 ohm ndiyo yozolowereka pa mavoliti 12. Timababu takale timatentha mpaka kupinda denga la pulasitiki. Kuwala kukamadutsa m'makoma, pakani penti yakuda m'kati kaye musanapake yoyera ya laimu.

## Pamene muyenera kuleka n'kuitana katswiri

Zulani pulagi n'kuitana katswiri wa zamagetsi ngati:

- Kontirola kapena thiransifoma ikununkha kupsa, ikutuluka utsi, kapena yatentha moti simungaigwire.
- Chingwe cha kukhoma chasupuka, pulagi yada, kapena fyuzi ikupsa mobwerezabwereza.
- Mwamva kugwidwa ndi magetsi mutakhudza bokosi la chipangizo chilichonse.
- Mukufuna soketi yatsopano m'chipindamo.

Bokosi lililonse lolowa magetsi a kukhoma musalitsegule, ndipo magetsi a mavoliti 230 asayende pansi pa thabwa la njanji. Chipangizo chogulidwa ku America chikhoza kukhala cha mavoliti 120 okha, choncho werengani chizindikiro chake musanachilowetse m'soketi. Magetsi akathima, zulani pulagi kuti pobwera asadzawononge kontirola ndi madikoda.

Pitani kwa mmisiri wokonza injini zoterezi, kapena kwa amene anakugulitsani, ngati:

- Dikoda yapsa, chifukwa kuika ina musanapeze waya wa mota amene akukhudza mafupa a injini kungapsetsenso yatsopanoyo.
- Mawilo akuluakulu afunika kuzulidwa, giya lang'aluka, kapena mazak yafufuma.
- Injini ndi yatsopano ndipo ikadali pa chitsimikizo cha opanga. Imeneyo musaitsegule, ibwezeni mmene ilili.

Pomupatsa mmisiri injiniyo, lembani pakapepala ngati mumaiyendetsa pa DC kapena DCC, nambala yake, mtundu wa dikoda, mbali imene imavuta poyenda, ndi zimene mwayesa kale, ndipo muitumize limodzi ndi tenda yake m'bokosi limene inabweramo.